Dzanja Losasamba la Khansala Wilkins

Inu amene mumati nkhani za zizimba ndi za anthu osapita kusukulu, kokani mpando mukhale, mundimve mpaka ndimalize. Mukatero munditsutse, ngati mphamvu zake mukhale nazo. Ine ndine Fyness NyaMoyo wa ku Jenda. Folomu 4 ndinaimaliza pa nthawi imene atsikana anzanga ankathawira ku ukwati, ndipo Chingerezi changa ngakhale aphunzitsi amachiopa. Pa chisankho cha makhansala chimene ndikunenachi ndinali monita, maso anga ali pa bokosi kuyambira potsegula mpaka powerenga. Sindinachite kumva kuchigayo ayi. Zimene sindinaone ndekha anandiuza ndi mkazi wa mwini nkhani, misozi ili mbwembwembwe.

Wilkins anali mmphawi wotheratu. Ankanyamula matumba a chimanga pa sitolo ya a Conrad, amene anali khansala wa dera lathu. Nyumba yake inali yaudzu, mkazi wake Keziya ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Nelia, ankaphunzira ndi thandizo la amayi a Umanyano a kutchalitchi kwathu. Chuma cha Wilkins chinali mawu basi. Ikafika nthawi ya kampeni, a Conrad ankamukweza kumbuyo kwa pikapu kuti azifuula dzina lawo m'midzi. Madzulo bwana ankakadya nkhuku, wofuulayo n'kubwerera kwawo wapansi, fumbi lili tuu m'mutu.

"Kukhosi kukung'ambika ndi kwanga, mimba ikukula ndi ya wina," ankatero kwa mkazi wake.

"Thokozani kuti mwana akuphunzira, adada," Keziya ankayankha. Koma nsanje ikamera mumtima simva mawu a mkazi.

Chisankho chitayandikira, Wilkins anabwereka njinga n'kupalasa kupitirira Embangweni, mpaka kufupi ndi malire a Zambia, kwa sing'anga wina dzina lake Zondwayo. Anamupeza masana, atavala malaya oyera ositasita, akusenda mtedza pakhonde ngati mkulu wampingo.

"Wabwerera mpando wa bwana wako," anatero Zondwayo, moni asanapereke.

"Yewo, adada. Umphawi wanditopetsa chomene."

"Amoyo sangakuvotere. Munthu amene anamuona atasenza thumba samupatsa mpando. Koma dera lanu lili ndi anthu ambiri kuposa amene umawaona. Ena ali pansi, ndipo alibe chochita."

"Akufa amavota?"

"Ndikawapempha ineyo."

Wilkins anafunsanso kuti, "Nanga malipiro ake? Ng'ombe ndilibe."

"Ng'ombe ndili nazo zanga. Tamvera. Munthu akadzuka kumanda kudzakugwirira ntchito, pobwerera amafuna womuperekeza. Ukapambana, maliro a m'dera lako usajombe. Akakuitana kuponya dothi m'dzenje, uponye ndi dzanja lamanja. Anzako pochoka kumanda azisamba m'manja pa beseni, iwe ayi. Dzanja limenelo ukapatse munthu moni dzuwa lisanalowe. Woyamba kuligwira ndiye woperekeza."

"Ndiye kuti afa?"

"Iwe wabwerera mavoti kapena mafunso?"

"Nanga ndikapanda kupeza munthu?"

Zondwayo anaseka, n'kuponya mtedza mkamwa. "Wandale angasowe womugwira dzanja? Koma likalowa dzuwa dothi likadali m'manja mwako, mbwenu atenga iwe. Ndipo akufa satenga munthu kamodzi ayi. Amayamba ndi mutu, thupi amalisiya liziyenda."

Wilkins anaganiza za mabasi amene amaima pa Jenda tsiku lililonse, odzaza ndi anthu osawadziwa, opita kutali. Anatambasula dzanja. Zondwayo analitema mphini ziwiri pachikhatho n'kupakamo zakuda.

Wilkins atalengeza kuti akuima payekha, Jenda yonse inagwa ndi phwete. Kumsonkhano wake woyamba kunabwera ana ndi mbuzi. A Conrad anamuchotsa ntchito akuseka. "Ukaluza udzabwere, matumba akudikira," anatero.

Tsiku lovota ine ndinali monita wa a Conrad pa sukulu ina ya pulaimale. Ogwira ntchito za chisankho sanalakwitse kanthu, ndinali pomwepo. Koma pamzere panali nkhalamba zina zovala zachikale, zimene sindinazidziwe, ine amene ndimadziwa khomo lililonse m'deralo. Ndinapatsa moni gogo wina, sanandiyankhe. Akavota sankalowera kumidzi, ankatsetsereka njira ya kunkhalango. Powerenga, mapepala ankatuluka m'bokosi ali ozizira, akununkha dothi lonyowa, chonsecho mvula inali itasiya kalekale. Ndipo pafupifupi lililonse linali la Wilkins.

Zotsatira zinamveka mawa lake masana. Wilkins anapambana m'malo onse ovotera, ngakhale kumudzi kwa a Conrad kumene anaphera anthu ng'ombe. Koma chodabwitsa, panalibe wovina. Pamsika anthu ankangofunsana chapansipansi.

"Iwe unamuvotera?"

"Ine ayi. Iwe?"

"Ndingavotere wonyamula matumba ine?"

"Nanga anamuvotera ndani?"



Chuma chinabwera ngati madzi a mumfuleni. Khansala salandira zambiri, zimenezo ndikuzidziwa bwino, koma Wilkins chaka chisanathe anali ndi nyumba ya malata, chigayo, pikapu yoyera, ndipo chimanga chimene ankagula chinkakwera mtengo sabata yomweyo. Anagula ngakhale sitolo ya a Conrad. Nelia anamutumiza ku Lilongwe kukaphunzira unamwino, ndipo pa misonkhano sankamaliza kuyankhula osatchula mwana wakeyo. Zoona zake, munthuyu mwana wake ankamukonda.

Pamaliro sankajomba. Ankagula bokosi, kupereka galimoto, kuyankhula mokhudza mtima. Akaponya dothi, ankapisa dzanja m'thumba la jekete n'kudutsa beseni ngati sakuliona. Kwathu kuno munthu sachoka kumanda osasamba m'manja, kuopa kutengera imfa kunyumba, koma anthu ankati bwana ali pachangu. Ankathamangira pa siteji, n'kupeza mlendo wosuzumira pawindo la basi. "Muyende bwino, achimwene, ndine khansala wa kuno!" Mlendoyo ankasangalala kugwirana chanza ndi munthu wamkulu. Basi inkapita, maliro n'kukagwa kutali, ndipo Wilkins ankagona tulo.

Zinasokonekera tsiku limene anaika m'manda mfumu ina yaing'ono. Wilkins akutsika galimoto pa siteji, Bestone, bambo wa ana asanu wogulitsa mbatata, anathamanga kudzathokoza chifukwa cha mlatho wa kumudzi kwawo, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Sabata isanathe Bestone anagwa pamalonda ake, magazi akutuluka m'mphuno. Amenewo anali maliro a m'dera, ndiye Wilkins anayenera kukaponyanso dothi. Pochoka kumandako, mayi wina woyimba kwaya anamukoka dzanja kuti amupemphe malata a tchalitchi. Naye anapita. Maliro anayamba kuberekana.

Keziya ndiye anayamba kuona. Tsiku lina anamudikirira pakhomo ndi beseni la madzi.

"Sambani, adada."

"Ndasamba kale."

"Bodza. Ndinali pambuyo panu. Mwayamba liti kuopa madzi? Ndipo bwanji mukabwera kumaliro simundigwira ine mpaka mutakafika kumsewu?"

"Nyumba ya malata ukuikonda?"

"Ndikuikonda."

"Ndiye tseka pakamwa."

Usiku usanafike, Wilkins anamuululira zonse, poti katundu wotere munthu sasenza yekha. Keziya analira, koma sanauze munthu, ngakhale Nelia pafoni. Anachita manyazi, komanso malata anali atamukomera.

Wilkins anabwerera kwa Zondwayo, ulendo uno pa pikapu.

"Adada, zakwana. Tengani chigayo, tengani galimoto, mundimasule."

"Ukuuza ine? Ine ndinangokhala mkhalapakati. Unapambana ndi mavoti angati?"

"Ambiri."

"Eya, ambiri. Unkamwetulira powerenga. Amene waperekeza sanakwane n'kudzaza minibasi. Otsalawo akudikira, ndipo aima nthawi yaitali."

Koma anthu si mitengo. Amayi otunga madzi a kumanda anaona amene sasamba, anyamata oitanira mabasi anaona amene amabwera ndi fumbi lofiira kunsapato. Mawu anayenda. Anthu anasiya kumupatsa dzanja. Akamuona ankaima patali n'kuwomba m'manja mwaulemu, monga timachitira ndi apongozi. "Yewo, bwana khansala, yewo chomene!" Ulemu wake unali wokwanira, panalibe pomudandaulira, koma chikhatho chake sichinkakhudzidwa. Anayamba kupita kutali, ku Euthini tsiku la msika, nthawi zina ku Mzimba pa boma, kuthamangitsana ndi dzuwa.

Tsiku lomaliza maliro anachedwa, poti ankadikira mwana wa malemu wochokera ku Joni. Pamene dzenje linkakwiriridwa, mithunzi inali itatalika. Pikapu inakana kulira. Wilkins anathamanga wapansi mpaka pa siteji, thukuta lili kamukamu, suti ili mbuu.

Panaima basi yochokera ku Lilongwe. Iye anapita pawindo, dzanja lili patsogolo.

"Moni, achimwene! Ndine khansala!"

"Musagwire dzanja la bwana ameneyo!" anakuwa woitanira wina. "Tsekani windo, abale!"

Mawindo anatsekedwa limodzi ndi limodzi. Wilkins anazungulira basi, akuseka kuseka kwa mano okha, akupempha. Bambo wina amene anali atatsika kudzagula anyezi anabisa manja kumbuyo. "Pepani akulu, sindikukudziwani." Amayi a tomato anayang'ana pansi. Dzuwa linali litakhala pamwamba pa mitengo.

Nelia anali m'basi yomweyo. Anabwera osauza makolo, kuti awadzidzimutse ndi nkhani yoti wakhoza mayeso. Atatsika anaona bambo ake ataima pakati pa anthu, dzanja lili m'malere, aliyense akuwakana ngati wakhate. Sanadziwe chifukwa chake. Anangoona bambo ake akuchititsidwa manyazi pagulu. Anaponya chikwama pansi, anadutsa pakati pa anthu kuchokera kumbali, anagwada, n'kugwira dzanja lija ndi manja ake awiri.

"Monire, adada. Ngati ena akukukanani, ine mwana wanu ndilipo."

Ine ndinali tsidya la msewu, pa shopu yanga ya nsalu. Kukuwa kumene anakuwa Wilkins sindinakumveponso, ngakhale kwa ng'ombe yophedwa. Anachotsa dzanja, anayamba kupukuta manja a mwanayo ndi jekete, ndi tayi, ndi malovu. Nelia ankangofunsa, "Adada, chavuta n'chiyani? Ndalakwa chiyani?"

Anayesa zonse. Kuchipatala anamuyeza osapeza matenda. Abusa anapemphera. Wilkins anapita kwa Zondwayo kukadzipereka yekha, koma anangouzidwa kuti woperekeza akanyamuka sabwezedwa panjira. Nelia anafooka ngati duwa lothyoledwa, ndipo Lachisanu lake anatisiya, asanavale n'komwe yunifolomu yake yoyera.

Pamanda anaitana bambo wa mwana kuti aponye dothi. Anaponya. Kenako anayang'ana chikhatho chake, anayang'ana ife. Khamu lonse linabwerera m'mbuyo, ngakhale Keziya. Wilkins anapita pa beseni, koyamba chipambanireni, n'kuyamba kudzikwecha ndi mwala mpaka madzi anafiira. Sanathamangire kumsewu. Anakhala pamutu pa manda a mwana wake mpaka dzuwa linalowa.

Kutacha anali munthu wina. Chigayo chinapsa, pikapu ikuola pamene inaimira, sitolo anatenga achibale, ndipo Keziya anabwerera kwawo. Wilkins alipo mpaka lero. Mukadutsa pa Jenda mudzamuona akuyenda m'mbali mwa msewu, suti ili nsanzansanza, dzanja lili patsogolo, akufuula ndi mawu ake aja, "Ndapambana! Ndapambana malo onse!" Anthu amamuponyera chakudya pansi. Womupatsa m'manja palibe.

Ndiye inu amene mukufuna mipando ndi chuma cha lero lomwe, imvani. Dyera silidya mlendo mpaka kalekale, limafika pakhomo. Wilkins ankayesa kuti imfa ya munthu wosamudziwa ndi yotsika mtengo, osadziwa kuti basi iliyonse imanyamula mwana wa munthu. Mpando wopatsidwa ndi akufa umalipiridwa ndi amoyo, ndipo wosankha woti apite si iwe. Bola kusenza matumba mwana wako akukuyitana kuti adada.

Mufunsa kuti nanga iwe Fyness, wolongolola iwe, unapindulapo chiyani? Ndikuuzani, sindibisa. Mpando utatsala wopanda munthu, a Conrad anakana kuimanso, ndipo amayi a pamsika anabwera pa shopu panga kudzandipempha. Ndinaima, ndinagonjetsa amuna atatu, ndipo wondivotera aliyense ndimamudziwa dzina ndi khomo lake, ali moyo, amadya ndi kutsokomola. Chimene ndinapeza ndi ichi: njinga yamoto imodzi, mpando wakutsogolo pamaliro, dzina loti Mama Khansala, ndi dzanja limene mayi aliyense wa ku Jenda amalola mwana wake kuligwira.