Mbedza za Eliya

Amene anaziona izi ndi anthu atatu, ndipo onse ali moyo. Mayi Ida, osunga makiyi a kanyumba ka pampu, akadali pamudzi pawo kumtunda kwa Manjawira, ndipo mukawafunsa amafotokoza osakometsera. Esnath, katswiri wa makompyuta amene anasimba zambiri mwa izi, si munthu wotengeka ndi nkhani za mizimu. Wachitatu ndi bwana Duncan, koma amenewo musataye nthawi kuwafunsa. Komanso musaganize kuti wina anaona chideruderu mumdima. Zinachitika masana, dzuwa lili paliwombo, mu Okutobala chaka cha 2019.

Bungwe lina, limene dzina lake tilisiye, linakumba chitsime chakuya m'deralo n'kuikapo pampu yoyendera dzuwa. Madzi ankakwera m'thanki, kuchoka apo n'kutsikira m'mipopi ya midzi isanu ndi umodzi. Pampuyo inkalamulidwa ndi kakompyuta kakang'ono ngati mtanda wa sopo, kokhomedwa m'bokosi lachitsulo pakhoma la kanyumba ka pampu. Anakakonza ndi Eliya, mwana wa m'dera lomwelo, amene anaphunzira za makompyuta ku Blantyre n'kubwerera kwawo.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu ya pakatikati imene akatswiri amaitcha kenelo. Ndi imene imalankhula ndi mawaya, kuyatsa ndi kuzimitsa zinthu, ndipo zochitika m'menemo siziwoneka ndi maso. Choncho Eliya, polemba mbali ya kenelo yoyendetsa pampu, anaikamo timizere tapadera pamalo khumi ndi awiri okhazikika: poyatsira pampu, pozimitsira, poyezera madzi, pa chitseko cha kanyumba, pa chitetezo chimene chimaimitsa mota madzi akatsika, ndi pena potero. Iye ankatitcha mbedza, ndipo iliyonse anaipatsa dzina la Chichewa. Mbedza siiyendetsa kanthu. Imangokhala phee, ndipo kenelo ikadutsa pamalopo imakola nkhani n'kulemba mzere umodzi: nthawi, dzina la mbedza, ndi amene walamula.

Mu Seputembala 2018 pampu inapsa.

Pamsonkhano wa midzi yonse, bwana Duncan, woyang'anira ntchito za bungwelo m'boma lino, anaimirira n'kunena kuti chaotcha pampu ndi timbedza timene Eliya anadzaza m'makina mwa nzeru zake zokha. Eliya anapempha chinthu chimodzi basi: kuti atsegule kakhadi kosungira zolembedwa ka m'bokosi lija, anthu amve zimene mbedza zinalemba tsiku limenelo. Kakhadiko kanali katasowa. Amene anafika koyamba pa kanyumbako pampu itapsa anali bwanayo, koma palibe anafunsa. Anthu anali ndi ludzu, amayi atabwerera kukafukula mchenga kumtsinje, ndipo munthu womuloza chala anali pomwepo.

Anamuchotsa ntchito. Mkazi wake Lufina akafika kumtsinje, amayi anzake ankasiya kulankhula. Kutchalitchi benchi imene banjalo linkakhala inkatsala yokhayokha. Eliya anapirira mpaka Meyi, kenako anakwera basi ya ku Joni kukafuna ntchito, monga anachitira agogo ake kalelo. Kumeneko chisanu chinamulowa m'chifuwa. Mu Julaye anabwera m'bokosi, pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi katundu wa anthu ena.

Esnath analembedwa ntchito pampu yatsopano itafika. Tsiku loyamba lomwelo bwana Duncan anamuitanira mu ofesi yawo ku Boma.

"Timbedza ta mnzanu uja muchotse tonse. Musasiyeko n'kamodzi komwe."

"Bwana, mbedza siingaotche mota. Imangolemba zimene zachitika."

"Ndakulembani kuti mudzandiphunzitse, kapena mudzagwire ntchito?"

Esnath anakhala masiku atatu akuwerenga zimene Eliya analemba, ndipo mtima unkamutentha kwambiri pamene ankapita patsogolo. Inali ntchito yaukhondo. Pamwamba pa mbedza iliyonse munthuyo anafotokoza chifukwa chake waiika pamenepo, kuti wodzabwera pambuyo pake asadzavutike. Wodzabwerayo anali iyeyo, ndipo anabwera kudzafufuta. Koma ntchito anali ataifuna zaka ziwiri. Anazichotsa imodziimodzi, zonse khumi ndi ziwiri, n'kumanga kenelo yatsopano. Anaiika pa kakhadi katsopano kamene anang'amba yekha m'pepala lake. Anafunsa kompyuta mndandanda wa mbedza zimene zilimo. Za Eliya munalibe.

Lachinayi m'mawa anakwera minibasi mpaka pa Manjawira, kenako njinga yamoto kukwera mtunda. Mayi Ida anali akumudikira pamthunzi wa thanki, makiyi atamangirira pa nsonga ya chitenje.

"Mwabwera kudzachotsa za malemu?" anafunsa potsegula.

"Ndachotsa kale, mayi. Ndangobwera kudzaika."

Mayi Ida anachotsa kiyi pachitseko. Analowa naye n'kukhala pa ndowa yovundikira.

Kanyumbako kanali ka njerwa, denga la malata, zenera limodzi lokhala ndi zitsulo. Esnath anaika kakhadi, n'kulumikiza laputopu yake ku bokosi ndi chingwe. Pampu inayaka. Madzi anayamba kumveka akukwera m'paipi, ndipo kunja amayi amene anali atandanda kale ndi zigubu analulutira. Kunkatentha koti malata ankalira okha. Nyenje zinali zikusokosera m'mitengo yonse. Kamvuluvulu anadzuka pabwalo n'kuponyera fumbi ndi mapesi m'kati, choncho mayi Ida anakankha chitseko n'kuchitseka.

Mwachizolowezi chabe, Esnath anatsegula tsamba limene mbedza zimalembapo. Ankayembekezera kuti likhala loyera.

Nyenje zinasiya kulira. Zonse, nthawi imodzi.

Pa laputopu panatuluka mzere.

chitseko_chatsegulidwa

Esnath anacheuka. Chitseko chinali chotseka, mayi Ida atachitsamira ndi phewa. Anayang'ananso mzerewo. Dzina limenelo analifufuta yekha Lolemba. Anafunsanso mndandanda wa mbedza. Munalibe. Anafufuza mawuwo m'kenelo yonse, chilembo ndi chilembo. Munalibe.

"Mukumva fungo?" ananong'ona mayi Ida.

Linali fungo la waya wopsa. Esnath anagwira bokosi, linali lozizira. Anagwira paipi, inali yozizira, madzi akuyenda bwinobwino.

madzi_atsika

madzi_atsika

mota_yaimitsidwa

Koma mota inali ikulira. Apa m'pamene anayang'ana tsiku lolembedwa kumayambiriro kwa mizereyo. Silinali la lero. Linali 14 Seputembala 2018. Nthawi yokha ndi imene inkafanana ndi ya pa foni yake: mphindi zisanu ndi ziwiri itadutsa 12 koloko.

"Mayi, pampu yakale inapsa tsiku liti?"

"Lachisanu. Pa 14. Nthawi ngati ino."

Mzere wina unatuluka, wautali kuposa inzake.

chitetezo_chazimitsidwa wolamula: duncan

mota_yayatsidwa wolamula: duncan

Esnath anawerenga mokweza, chifukwa mayi Ida maso awo satha kuona tizilembo. Mayiwo anagwira pakamwa.

"Dimba lija," anatero. "Anali ndi dimba la kachewere kumunsi kuno. Paipi yake inkadutsa kuseri kwa thanki. Anandiuza kuti ndi yotayira madzi osefukira."

Tsono nkhani yonse inali imeneyo. Chitsime chinatsika, chitetezo cha Eliya chinaimitsa mota monga anachikonzera, ndipo munthu wina anachizimitsa pa foni yake kuti kachewere wake asafote. Mota inapopa mpweya mpaka kupsa. Mantha amene anali atamugwira Esnath anasanduka ukali. Munthu anafera kuchilendo, ana ake akutchedwa ana a wootcha pampu, chifukwa cha mizere ingapo ya mbatata!

Kunja kunamveka galimoto. Bwana Duncan anali atabwera kudzajambulitsa zithunzi madzi akutuluka. Anakankha chitseko, n'kuchisiya chotsegula, akupukuta thukuta.

"Zatheka? Nanga mwatsekeranji muno ngati..."

Anaima. Fungo lija analimva.

"Werengani, bwana," anatero Esnath, n'kuwatembenuzira laputopu.

Anawerenga.

"Ndinati muchotse."

"Ndinachotsa."

"Bodza."

"Fufuzani nokha."

mota_yatentha 90

mota_yatentha 110

mota_yatentha 130

Bwana Duncan anadumphira pakhoma n'kugwetsa chozimitsira magetsi chachikulu. Pampu inaima. Kunja amayi anadandaula. Kagetsi kobiriwira ka pabokosi kanazima. Anatsegula bokosilo, n'kusolola kakhadi, n'kukafumbata m'manja.

M'kanyumbamo munati zii. Panalibe nyenje, panalibe madzi, ngakhale malata anasiya kulira.

Mzere unatuluka.

ndadutsa_pano

Esnath anauyang'anitsitsa mzerewo. Mbedza za Eliya ankazidziwa zonse khumi ndi ziwiri. Iyi sinali pakati pake. Ndipo tsiku lake linali la lero.

ndadutsa_pano

Panapita kanthawi kofanana ndi kamene munthu amatenga kuponya phazi.

ndadutsa_pano

"Zulani chingwecho," ananong'ona bwana Duncan.

Esnath sanasunthe. Bwana Duncan anazula okha. Chingwe chinagwa pansi.

ndadutsa_pano

Kuzizira kunadutsa pa mkono wa Esnath, mbali ya kumanzere, ngati munthu wadutsa pafupi atavala zonyowa. Mayi Ida anakokera miyendo yawo m'kati, monga munthu amachitira popatsa mnzake njira. Pambuyo pake ananena kuti sanaganize n'komwe, miyendo inangochita yokha.

Mizere inaima.

Bwana Duncan anali atatsamira khoma, mutu atautembenuzira kumbali, maso atatsinzina, ngati pali wina waima pafupi kwambiri ndi nkhope yawo. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kakhadi kanapulumuka m'manja mwawo n'kugwa pa simenti.

ndadutsa_pano

ndadutsa_pano

chitseko_chatsekedwa

Chitseko chinayenda pang'onopang'ono. Kunalibe mphepo. Chinafika pa mphuthu n'kutsekeka bwinobwino, osamenyetsa, ngati watseka ndi munthu waulemu.

Nyenje zinayambiranso.

Mungaganize kuti zitatero chilungamo chinaoneka. Ayi ndithu. Esnath anasunga mizere yonse, anaisindikiza pa pepala, n'kupita nayo kwa akuluakulu a bungwelo ku Lilongwe. Anamulandira bwino, anamupatsa tiyi, kenako anamufunsa kuti kakhadi kogulidwa chaka chino kangasunge bwanji za chaka chatha. Iye anati sakudziwa. Anamufunsa ngati mbedzazo zinalimo m'kenelo. Iye anati munalibe. Ndiye bwana wina anavula magalasi n'kunena mofatsa kuti mizere yotereyi aliyense wodziwa kompyuta angathe kuilemba ndi dzanja. Za paipi ya kuseri kwa thanki anati adzatumiza munthu. Pamene munthuyo ankafika, paipi inali itazulidwa, dimba litagawulidwa. Mayi Ida palibe anawaitana kuti akanene zimene anaona. Mwezi utatha Esnath anauzidwa kuti ntchito yake yathera pomwepo. Bwana Duncan anapempha kusamutsidwa, ndipo anawatumiza ku boma lina pa udindo wokulirapo.

Pepala lija Esnath anapita nalo kwa Lufina. Anamupeza pakhonde akusenda nandolo, mwana wamng'ono atagona pamphasa. Anadzifotokoza kuti ndi ndani, ndiponso kuti ndi iye amene anafufuta ntchito ya amuna ake. Kenako anamuwerengera mizere yonse, kuyambira woyamba mpaka wa chitseko, n'kumuuza tanthauzo la uliwonse.

Lufina anamvetsera osasiya kusenda.

"Ndiye kuti anafika mpaka pa kanyumba paja," anatero. "Pamtunda pomwepa."

"Sindikudziwa chimene chinafika, achemwali. Ndikungonena zimene ndinaona."

"Za anawa ananenapo kanthu?"

Esnath anayang'ana pepala, ngakhale ankadziwa zimene zinalipo.

"Ayi. Za pampu zokha."

Lufina anaseka pang'ono, misozi ikugwera m'lichero.

"Ndi iwowo," anatero. "Ndi iwowo ndithu."