Musasoke Diresi Langa!

Kabatani anali mtsikana wamfupi, wa masaya ozungulira. Abambo ake ankati amafanana ndi batani la malaya. Dzinalo linamukhala. Aliyense ankamuitana Kabatani.

Kabatani ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuchita sewero pa siteji ya kusukulu.

Tsiku lina aphunzitsi anamusankha.

"Iwe udzakhala mayi," anatero aphunzitsi. "Mwana wako wasowa. Ukumufunafuna. Ukulira."

Kabatani analumpha ndi chimwemwe. Analumphanso. Mayi wolira ameneyo, mano onse ali pamtunda!

Koma panali vuto. Abambo ake a Kabatani anali telala. Amayi ake anali ndi saluni. Choncho Kabatani ankawala tsiku lililonse. Diresi lake linali losita. Tsitsi lake linali loluka bwino. Nkhope yake inali yosalala ndi mafuta.

Poyeserera sewero, Kabatani anaima pa siteji.

"Mwana wanga! Mwana wanga!" anafuula.

Anzake anaseka. Anaseka mpaka kugwira nthiti.

Aphunzitsi anapukusa mutu.

"Kabatani, ukuoneka ngati ukupita ku ukwati," anatero. "Sewero ndi mawa masana. Ubwere utavala ngati munthu amene zamuvuta. Ukabwera wowala chonchi, malo ako ndipatsa wina."

Kabatani anabwerera kunyumba nkhope ili yakugwa. Sanafune kuti malo ake apite kwa wina.

Kunyumba anatsegula bokosi la zovala zakale. Anapeza diresi lakale la amayi ake. Linali lalitali, la mabatani kutsogolo.

Kabatani anang'amba mkono wa diresilo. Anathothola batani limodzi. Anakwinya diresi lonse. Kenako analikhalira.

"Tsopano lakhala bwino," anatero. Analiika pa mpando n'kupita kukasamba.

Abambo ake analowa. Anaona diresi pa mpando. Anaona pong'ambika paja.

Abambo amenewa sankatha kudutsa pa chovala chong'ambika. Akachiona, zala zawo zinkayabwa.

Anatenga diresilo. Anakhala pa makina osokera. Tekete-tekete-tekete! Anasoka mkono. Anasokera batani. Kenako anasita diresilo. Makwinya onse anatha.

Kabatani anabwera kuchokera kosamba.

"Taona, Kabatani! Ndakukonzera!" anatero abambo ake, akumwetulira.

"Ababa! Mwasoka diresi langa!" anafuula Kabatani. "Ndi la sewero!"

"Ndiye chifukwa chake," anayankha abambo ake. "Pa siteji anthu onse akakuona. Mwana wa telala angavale nsanza? Anthu akanena chiyani?"

Kabatani anafuna kufotokoza. Koma kasitomala anagogoda pakhomo, abambo ake n'kupita.

M'mawa mwake Kabatani anayesanso. Anavala diresi losita lija. Anatenga khala. Anadzipaka m'masaya mpaka bii! Anasokoneza tsitsi lake ndi zala.

Amayi ake analowa. Anaona nkhope ija. Anaona tsitsi lija.

Amayi amenewa sankatha kudutsa pa tsitsi losapesa. Akaliona, zala zawo zinkayabwa.

"Khala apa," anatero.

"Koma Amayi..."

"Tseka pakamwa, sopo angakulowe."

Anamupukuta nkhope. Anamupesa. Anamuluka tsitsi. Anamupaka mafuta. Anamupakanso kaphaudala pamphuno.

"Taona, Kabatani! Ndakukonza!" anatero amayi ake, akumwetulira.

"Amayi! Makala aja anali a sewero!"

"Ndiye chifukwa chake," anayankha amayi ake. "Pa siteji anthu onse akakuona. Mwana wa mwini saluni angaoneke choncho? Anthu akanena chiyani?"

Kabatani anayang'ana pa galasi. Diresi linali losita. Tsitsi linali loluka. Nkhope inali yowala. Anali wokongola kuposa dzulo.

Kabatani anakhala pansi. Anayamba kulira. Uku sikunali kulira kwa sewero ayi. Kunali kulira kwenikweni.

Abambo ake anasiya makina n'kubwera.

"Chavuta n'chiyani, mwanangu?" anafunsa.

"Aphunzitsi andilanda malo," anatero Kabatani akusisima. "Sindikuyenera kukongola. M'sewero muja ndine mayi. Mwana wanga wasowa."

Amayi ake anaika chipeso pa tebulo.

"Mwana wasowa?" anafunsa motsitsa mawu.

Abambo ndi amayi anayang'anana.

"Amake Kabatani, mukukumbuka?" anatero abambo.

"Ndingaiwale zimene zija?" anayankha amayi.

Amayi anakhala pansi pafupi ndi Kabatani. Anamugwira dzanja.

"Unali wamng'ono," anatero. "Unali utangoyamba kuyenda. Ine ndinali kuvala kuti ndipite kuntchito. Nditatembenuka, iwe palibe. Chitseko chinali chotsegula."

"Ndiye munatani?" anafunsa Kabatani.

"Ndinathamanga. Ndinathamanga msewu wonse. Ndinafunsa aliyense."

"Munavala nsanza?"

Abambo ake anaseka pang'ono.

"Ayi, sanavale nsanza," anatero. "Diresi linali labwinobwino. Koma mabatani anamanga molakwika. Mbali ina inakwera. Mbali ina inatsika."

"Nsapato ndinavala imodzi," anatero amayi. "Sindinadziwe n'komwe."

"Tsitsi anali ataluka mbali imodzi yokha," anatero abambo.

"Ndipo m'maso ndinali nditapaka zakuda," anatero amayi. "Misozi inazitsitsa m'masaya."

Kabatani anasiya kulira. Anawayang'ana amayi ake. Sanawaonepo ali choncho. Anawamvera chisoni.

"Munandipeza kuti?" anafunsa.

"Pansi pa tebulo la abambo ako," anatero amayi. "Unagona pa zidutswa za nsalu. Unkachita kuliza mkonono!"

Onse anaseka. Koma amayi anaseka akupukuta m'maso.

Kenako abambo anaimirira.

"Tiyeni tigwire ntchito," anatero. "Nthawi yatha."

Anamasula mabatani onse a diresi. Anayamba kuwamanga molakwika. Batani loyamba linalowa pa bowo lachiwiri. Lachiwiri linalowa pa bowo lachitatu. Mbali ina inakwera. Mbali ina inatsika.

"Ine telala, kumanga mabatani chonchi!" anadandaula abambo. "Ndikuchita kumva kuwawa m'zala."

"Pirirani, Ababa," anatero Kabatani.

Amayi anatenga chipeso. Anamasula tsitsi mbali imodzi. Mbali inayo anaisiya yoluka.

Anapukuta phaudala yense. Anatenga pensulo yakuda yopakira m'maso. Anajambula pansi pa maso a Kabatani. Kenako anaviika chala m'madzi. Anadontheza dontho limodzi kuno. Anadontheza lina uko. Zakuda zija zinatsika m'masaya pang'onopang'ono.

"Usagwedezeke," anatero amayi.

"Zikundigirigisha, Amayi."

"Pirira nawenso."

Pomaliza Kabatani anavula nsapato imodzi. Abambo anaiika m'thumba la jekete yawo.

Kabatani anayang'ana pa galasi. Anadabwa. Pa galasipo panali mayi wamng'ono amene zamuvuta.

Masana onse atatu anapita kusukulu. Aphunzitsi anali pakhomo la holo. Ataona Kabatani, anadzidzimuka.

"Kabatani! Kwagwanji kunyumba?" anafunsa.

"Kulibe, aphunzitsi. Ndavalira sewero."

Aphunzitsi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato.

"Malo ndi ako," anatero. "Thamanga, ukakonzeke."

Holo inadzaza ndi makolo. Chinsalu chotchinga siteji chinatseguka. Kabatani anatulukira akuthamanga. Phazi lina linkamveka go, go, go. Phazi linalo silinkamveka.

Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anaganiza za amayi ake ali mumsewu.

"Mwana wanga! Mwana wanga!" anafuula.

Palibe amene anaseka. M'holo monse munali zii.

"Mwamuonako mwana wanga?" anafunsa Kabatani.

Pamapeto a sewero mwanayo anapezeka. Kabatani anamukumbatira. Anthu anaomba m'manja. Anaomba, anaombanso.

Mayi wina amene anakhala pafupi anawakodola abambo a Kabatani.

"Bambo telala, mwana wanu wachita bwino," anatero. "Koma mabatani wamanga molakwika."

Abambo anatulutsa chifuwa.

"Ndamanga ndine," anayankha. "Ndi manja angawa."

Kabatani anatsika pa siteji. Anafunafuna amayi ake m'gulu la anthu. Amayi anali atamuona kale. Anabwera akukankha mipando. Nawonso m'masaya mwawo munali mizere yakuda.

Anamunyamula ngati khanda. Anamufinya pachifuwa. Zakuda za kumaso kwa Kabatani zinadetsa bulauzi yawo yoyera.

"Amayi, ndakudetserani bulauzi," anatero Kabatani.

"Zilibe kanthu."

"Amayi, linali sewero chabe. Palibe amene wasowa."

"Ndikudziwa, mwanangu," anatero amayi ake. "Koma khala kaye pomwepa."

Kabatani anaika mutu paphewa la amayi ake. Anthu anatuluka m'holo mmodzimmodzi. Amayi sanamutsitse. Anamunyamula mpaka kunyumba.