Mapazi a Maluwa

Choyamba chimene Mateyo anaona ndi mapazi pafumbi la pakhomo. Anachokera kumsewu wa ku Namitambo n'kuthera pakhonde: phazi limodzi laling'ono loponda bwino, linalo lokhwekhwereza.

Umo ndi mmene Maluwa, mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankayendera chotupa cha mu ubongo chitafalikira kumsana. Koma Maluwa anali kuchipatala ku Blantyre ndi amayi ake, Idesi, mwezi wachitatu tsopano, akulandira mankhwala a m'diripi amene anamuyoyola tsitsi lonse. Madokotala anati matendawa sapezekapezeka, ndipo akafalikira chonchi ana ena amachira, ambiri ayi.

Usiku wotsatira anazimva ndi makutu. Agalu atangoti zii, panamveka phazi, kenako khwee, phazi, khwee, mpaka pachitseko. Pamenepo wina anaima nthawi yaitali, akupuma ngati mwana wotopa. Mateyo anangogona chagada, maso ali kudenga.

Kumjigo anthu ankanong'ona kuti mwanayo anamwalira kale, mayi akungobisa. A Margret, oyandikana nawo nyumba, anamuuza motsitsa mawu: "Musatsegule, bambo a Maluwa. Simukudziwa chimene chikubweracho."

Mapaziwo anabweranso usiku wachitatu ndi wachinayi. Mateyo ankaima kuseri kwa chitseko, chipumi atachitsamiritsa pathabwa, dzanja lili pampiringidzo. Anali asanamunyamule mwanayo chiyambire nthawi yokolola, ndipo manja ankakumbukirabe kupepuka kwake.

Kutacha anaimbira foni Idesi.

"Ali bwanji?"

"Akungogona," anatero Idesi. "Adokotala akuti mankhwala awa ndi omaliza, tingodikira. Wadzuka pang'ono, wakudandaulani."

"Wati chiyani?"

"Akuti, ndimapita kumudzi usiku, koma adadi sanditsegulira."

Madzulo ake Mateyo anachotsa mpiringidzo, anasiya chitseko chotsegula, nayala kabulangete ka Maluwa pamphasa. Anakhala pampando mumdima, mphepo yozizira yochokera kuphiri ikumumenya m'miyendo.

Tambala asanalire, mapazi anamveka kumsewu. Mateyo anamvetsera bwino. Khwee uja panalibe. Mapazi onse awiri ankaponda, mopepuka, akuthamanga.

Pathebulo foni inayaka n'kuyamba kulira, dzina la Idesi likuwala. Mateyo anaiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anagwada moyang'ana kukhomo, natambasula manja.