Uthenga Umene Unafika ku Ntcheu Thupi Lisanapezeke

Lachitatu nthawi ya 7:10 m'mawa, mayi wosesa anapeza thupi la a Lamson Zidana m'nyumba yosungiramo katundu ku Welshpool, dera la mumzinda wa Perth, litagona chafufumimba pakati pa mipukutu ya zingwe za kanema. Sajeni Overtone Kondanani, Mmalawi amene anali atafufuza milandu yakupha mu Perth kwa zaka khumi ndi ziwiri, anafika 7:45. Bala linali kunkhongo, sipanala yaikulu ili poteropo. Dokotala anati munthuyo anafa Lachiwiri cha m'ma 5 koloko madzulo.

Adani a malemuwo sanavute kupeza. Khonsolo ina ya m'deralo inali ndi nyumba zosanja zochititsa lendi, ndipo inapatsa kampani ya a Zidana chilolezo cholumikizamo kanema wa pachingwe. Mtengo wake ndi mndandanda wa matchanelo zinkavomerezedwa ndi khonsoloyo. Mwezi wapitawo matchanelo a ku Malawi ndi ku Zambia anazima onse, mtengo osatsika, ndipo khonsolo inaitana a Zidana kuti Lachinayi akafotokoze.

Amene anatsogolera odandaula anali Mwelwa, wa ku Kabwe ku Zambia, katswiri wa magetsi kumigodi. Pa msonkhano wa khonsolo anaimirira nkunena kuti iye adzawamanga a Zidana ndi zingwe zawo zomwezo. Munthu azisamala zimene amalankhula pagulu atakwiya, pakuti mkwiyo umatha koma mlembi amakhala atalemba. Pofika 10 koloko Mwelwa anali m'chipinda chofunsiramo mafunso.

"Ba Sajeni, nenze nakalipa chabe. Sininapaye muntu," anatero.

Anati Lachiwiri madzulo anali yekha kunyumba akulongedza chikwama, popeza Lachinayi m'mawa amayenera kukwera ndege yopita kumgodi. Mboni analibe. Abwana a Kondanani anagamula kuti ikakwana 4 koloko popanda umboni wina, Mwelwa atsegulidwe mlandu. Kondanani anadziwa tanthauzo lake: ndege imusiya, ntchito itha, ndipo chitupa chokhalira m'dzikomo, chomwe chinadalira ntchitoyo, chithera pomwepo, ngakhale khoti litadzamupeza wosalakwa. Mtima wake sunakhazikike. Anatuluka osamwa tiyi wake.

Nthawi ya 12:50 anafika ku Ellenbrook, kunyumba ya malemu. Mipando inali itatulutsidwa kale m'balaza, amayi a mpingo atakhala pansi. Kondanani anagwada pakhomo, napepesa namfedwa, mayi Leah, ndipo anawafunsa ngati apolisi amene anabwera 9 koloko anawauza nkhaniyo mwaulemu. Mayiwo anati apolisiwo anawapeza akulira kale. Mlamu wawo wa ku Ntcheu anali atawaimbira foni akulira cha m'ma 6 koloko, iwo atatopa ndi kudikira bambo amene sanabwere kunyumba.

"Mwati 6 koloko, mayi?"

"Eya, ana asanadzuke."

Kondanani anaona yekha pa foni: 6:04. Mudzi wa ku Ntcheu unali utayamba kulira ola lathunthu thupi lisanapezeke.

Anaimbira malume a malemuwo ali m'galimoto. Nkhalambayo inayankha mosabisa kanthu. Uthenga unafika Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, ndipo unabwera m'njira yake, kudzera kwa ankhoswe a banjalo, a Norman Chimbalanga. Iwo anapempha kuti namfedwa asauzidwe kufikira akuluakulu atapita okha, koma mlongo wa malemu analephera kupirira. Masana a ku Ntcheu ndi 6 koloko madzulo ku Perth.

A Chimbalanga, mkulu wa mpingo komanso mnzawo wa a Zidana pa kampaniyo, anapezeka ku Canning Vale akugula ndiwo za pamaliro. Nthawi ya 3:05 anakhala pampando umene Mwelwa anakhalapo m'mawa. Poyamba anati imfayo anaimva 9:30 monga wina aliyense. Kondanani anawauza modekha kuti walankhula ndi malume, nawatchulira ola.

A Chimbalanga anapotokola chipewa chawo.

"Achimwene, mwafika mpaka kumudzi?"

"Munkaganiza kuti apolisi a kuno sangafikeko. Munadziwa bwanji Lachiwiri kuti a Zidana amwalira?"

Pamenepo anaulula. Matchanelo a kumudzi aja analibe chilolezo chochokera kwa eni ake. Ankawakoka mwakuba, ndipo amene anasaina kukhonsolo kuti zonse zili m'malamulo anali a Chimbalangawo. A Zidana atazindikira anawazimitsa, ndipo Lachiwiri ananena kuti Lachinayi akaulula zonse pamaso pa khonsolo. A Chimbalanga anawachonderera, anawakumbutsa za ana, za mpingo, za manyazi pakati pa Amalawi onse a mu Perth. A Zidana anangotembenuka nkupitiriza kukulunga chingwe. Sipanala inali patebulo.

"Nanga munaimbiranji foni kumudzi?" anafunsa Kondanani.

"Ndine nkhoswe. Munthu sangagone wakufa eni ake osadziwa. Chimenecho sindikanachita."

Kondanani anawayang'anitsitsa. Anali ataonapo anthu ambiri otere, oopa kuphwanya mwambo wa maliro koma osaopa kuchititsa malirowo, ndipo palibe chimene chimawononga munthu msanga ngati kuopa manyazi kuposa kuopa tchimo. Anawafunsa ngati ankadziwa kuti munthu wina ali m'chitokosi chifukwa cha iwo. Anavomera ndi mutu, ndipo anati ankayembekezera kuti amutulutsa okha.

Nthawi ya 3:41 Kondanani anasaina pepala lomasula Mwelwa, napita yekha kukatsegula chitseko. Mwelwa sanathokoze. Anavala lamba wake, nafunsa ngati abwana ake akumgodi auzidwa kuti anamangidwa. Kondanani anati sanauzidwe.

"Ndiye ndege niikwela," anatero Mwelwa, ndipo anatuluka osacheuka.