Tsiku Limene Gulu Linatukwana Millicent

Consolata anakumana ndi Jobson pa boda ya Mchinji, akudikira kuwolotsa matumba ake a mtedza. Jobson, dalaivala wa thiraki, anamuyandikira akumwetulira.

"Si inu adimini wa gulu la amalonda pa WhatsApp? Mumachotsa otukwana aja?"

"Ndine. M'gulu mwathu timakamba mitengo ndi misewu, osati kunyozana."

"Ndilowetseni, mayi wokongola. Pakamwa panga mpoyera."

Consolata anaseka, n'kumupatsa nambala ndi kumulowetsa m'gulumo. Posakhalitsa mauthenga anayamba kugwa m'mawa uliwonse. "Wadzuka bwanji, duwa langa la ku Guilleme? Tikakolola ndikaonekera kwa amalume ako. Sindidzayang'ananso wina." Consolata anakhulupirira, mpaka anauza mayi ake.

Tsiku lina masana, akuyeza mtedza pa sikelo, foni inayamba kulira mosalekeza. Millicent, wogulitsa zitenje ku Kachebere, anali ataponya m'gulumo zithunzi za mauthenga ochokera kwa Jobson. "Duwa langa la ku Kachebere, sindidzayang'ananso wina." Pansi pake analemba kuti, "A Jobson, foni yanga simukuyankha. Mimba yanuyi ndipite nayo kuti?"

Consolata anawerenganso mauthengawo. Mawu omwewo! Ndiye kuti ankangosintha dzina la dera basi?

Gulu linawira. Ambiri ankadziwa za chibwenzi cha adimini wawo, choncho anamulusira Millicent. "Hule iwe!" "Wakuba amuna a eni!" Wina anaponya chithunzi chake n'kumaseka mano ake.

Jobson anaimbira Consolata foni.

"Wokondedwa, mtima wanga, usamumvere wamisalayo. Asiye amutukwane kaye, kenako umuchotse."

"Mimbayo ndi yako?"

"Tikambirana pamaso, duwa langa."

"Ndi yako kapena ayi?"

Jobson anazembanso funsolo. Consolata anadula foni.

Nayenso analemba chitukwano chachitali, choti Millicent asadzachiiwale. Chala chinaima pamwamba pa batani. Atukwane mkazi woyembekezera, wonama uja akuonerera bwinobwino ali m'thiraki? Anachifufuta akukukuta mano. Kenako anafufuta zitukwano za anthu onse, ndi chithunzi chija, n'kulemba:

"Wapwetekedwa pano ndine, ndipo sindinatume munthu kuti anditukwanire! Millicent wafunsa funso, sananyoze aliyense. Wotukwananso atuluka, kaya ndi m'bale wanga. A Jobson, yankhani."

Zitukwano zinalekeka. Foni inasonyeza kuti Jobson wawerenga, koma sanayankhe. M'malo mwake anatumiza uthenga kumbali: "Ukundichititsa manyazi, Conso. Sankha, ine kapena gulu lakolo!"

Consolata anamuchotsa m'gulu, n'kubuloka nambala yake.

Posapita nthawi Millicent anamulembera. "Achemwali, pepani. Sindimadziwa za inu."

"Ndikudziwa," anayankha Consolata. "Koma usandiimbire. Ndikadali wokwiya nawe, ngakhale sunalakwe."

Anaika foni m'chikwama n'kubwerera pa sikelo. Mlimi amene ankadikira anamufunsa kulemera kwa thumba lake, koma Consolata sanathe kuwerenga manambala chifukwa cha misozi.