Chala cha pa Mzere Womaliza

Madzulo a tsiku limenelo analibe chachilendo. Ana ankathamangitsana mumsewu, mawailesi akulira m'makonde, ndipo bambo amene aliyense ankawatchula kuti a Makalata anali pakhomo pawo akupukuta nsapato. Dzinali linawakanirira chifukwa anagawa makalata m'dera lomwelo zaka makumi atatu, mpaka mawondo atayamba kudandaula. Dzina lawo lenileni ankalidziwa mwana wawo wamkazi yekha, nayenso ankachita kuyamba waganiza kaye.

Deralo linali lakale kuposa ena onse mumzindamo. Nyumba zake zinali za njerwa zofiira, zamakonde aatali ndi mazenera amatabwa, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu inabzalidwa ndi anthu amene anagona kalekale. Ndiye kunatulukira kampani ina ndi zithunzi zake zokongola, yofuna kugwetsa zonsezo n'kumangapo masitolo ataliatali agalasi. Akuti chitukuko. Mawu amenewa amakoma m'kamwa mwa munthu amene nyumba yake siikugwetsedwa.

Anthu anakhazikitsa komiti. Wapampando anali a Nesi, mayi wopuma ntchito amene anabereketsa theka la deralo ndipo ankalikalipirabe ngati makanda. Akukhonsolo ya mzinda anawauza kuti eni nyumba makumi anayi akasaina pepala, zogwetsa ziyamba zaima kuti deralo liunikidwe ngati malo osunga mbiri. Pepalalo linkafunika ku ofesi mawa lake m'mawa, koma mizere inayi inali idakali yopanda kanthu. A Nesi analipereka kwa a Makalata, poti panalibe galu wa m'deralo amene akanawauwa.

A Makalata sankayenda ndi maso. Ankayenda ndi mapazi, monga ankachitira pa ntchito: kutsika ndi mbali ya kumanzere, kukhota pampope, kubwerera ndi ya kumanja, pakhomo paliponse kugogoda kawiri n'kuitana kuti, "Kalata!" Manambala a nyumba anasiya kuwayang'ana akadali mnyamata.

Kalipentala anasaina pepala litatsamira pabondo. Wometa anasaina. Mayi wina wamasiye anayamba walira kaye, kenako n'kusaina. Koma wachinayi, mphunzitsi wopuma ntchito, anawakhazika pampando, kuwapatsa tiyi, n'kuwaphunzitsa kwa maola awiri za ubwino wa nyumba ya bafa lamkati imene kampani inamulonjeza. Pomaliza anakana mwaulemu kwambiri. Ali mkati motsanzikana, magetsi anazima dera lonse.

Kunja kunali mdima wa ndiwe yani. A Makalata anayenda pang'onopang'ono, mtima uli wolemera. Anadutsa pamtengo pamene anaonera koyamba malemu akazi awo, anadutsa pakhonde pamene mwana wawo anaphunzirira kuyenda. Zinawapweteka kwambiri kuti zonsezi zithe chifukwa cha mzere umodzi. Maganizo ali kutali choncho, mapazi anafika pampope n'kukhota okha, kulowa kanjira kakang'ono ka kumbuyo.

Anamva makina osokera. Tchekete, tchekete, tchekete.

Kutsogolo, pazenera, kunkawala nyali ya palafini. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe. Mayi a Telala! Komiti yonse inawaiwala bwanji? Anakankha kageti, kanalira monga kankalirira nthawi zonse. Anakwera masitepe awiri. Anagogoda kawiri.

"Kalata!"

"Lowani, achimwene. Sichokhoma."

M'chipindamo munali mmene ankamudziwira. Zidutswa za nsalu zili mbwee pansi, fungo la mafuta a makina, kachoko pa tebulo, mayunifomu a ana asukulu atapachikidwa pa msomali. Mayi a Telala anali pamakina, tepi yoyezera ili m'khosi, magalasi ali kunsonga ya mphuno. Mayi amenewa ndi amene ankawasokera zigamba za buluku la ku ntchito, uku akuwaseka kuti munthu wa boma amang'amba pokhalira ngati mwana wokonda kutsetsereka pa chulu.

Mayiwo anafunsa ngati mwana wawo wokhala kutali uja wawalembera kalata. A Makalata anayankha mmene anayankhira kambirimbiri, kuti lero ayi, mwina mawa. Kenako anafotokoza za kampani, za pepala, za mzere wotsalawo. Makina anaima.

"Agwetse? Nanga ine ndizikasokera kuti?"

Mayi a Telala sankadziwa kulemba. Kale, kukabwera kalata yofunika kusainira, awiriwa anali ndi njira yawo: a Makalata ankagwira chala chachikulu cha mayiwo n'kuchikanda ndi cholembera mpaka chidere bii ndi inki, kenako iwo n'kudinda. Ndiye osafunsana, wina anatambasula dzanja, wina anatulutsa cholembera.

Chalacho chinali chozizira ngati chitsulo cha mpope m'mamawa.

Anachipaka inki. Chinadinda pa mzere womaliza. A Makalata analemba dzina pambali pake ndi dzanja lawo. Mayiwo anawauza kuti akhale kaye apumitse mawondo, n'kubwerera pamakina.

Tchekete, tchekete.

Atakhala, maso awo anayamba kugwira ntchito imene mapazi anawalanda. Phazi la mayiwo linkapalasa, gudumu likuzungulira, koma nsalu sinkasuntha. Singano inalibe ulusi. Nyali inkayaka osagwedezeka ngakhale zenera linali lotsegula. Pakhoma panali chithunzithunzi cha makina, cha tebulo, cha iwo eni a Makalata. Cha wosokayo panalibe.

Apa m'pamene mutu unawabwerera. Anakumbukira phewa lawo likupweteka ndi bokosi la maliro a mayiwa, zaka zisanu zapitazo. Anakumbukira mwana wa kutali uja atabwera kamodzi kokha, kudzagulitsa malo kwa kampani. Nyumba imeneyi ndi imene inayamba kugwa, ndipo iwo anaimirira pamsewu tsiku limenelo akuonerera fumbi.

Anayesa kudzuka. Miyendo inakana.

"Musaope, achimwene," anatero mayiwo osatukula mutu. "Ndingomaliza msoko uwu."

Zimene zinachitika pambuyo pake, a Makalata sakuzidziwa.

Kutacha, mlonda wa kampani anawapeza mkati mwa mpanda wa malata, atakhala pa sitepe ya simenti imene ogwetsa anaisiya pakati pa udzu. Geti linali lokhoma, loko ali pomwepo, kiyi ali m'thumba mwa mlondayo. Munthu wa mawondo otha sakanalumpha mpanda wotalika choncho. Mlondayo anataya chibonga n'kuyamba kuitana anthu.

Anthu anakhamukirako. Mwana wamkazi wa a Makalata, amene anawafunafuna usiku wonse, anawagwira malaya akulira ndi kukalipa nthawi imodzi. Manong'onong'o anayamba pomwepo. Ena ankati ndi ufiti. Ena ankati ndi mowa, ngakhale onse ankadziwa kuti bambowo sanaulawepo. Wometa, amene nyumba yake inayandikana ndi mpandawo, anaulula motsitsa mawu kuti makinawo iye amawamva nthawi zonse magetsi akazima, kungoti ankaopa kuoneka wamisala.

A Nesi anatengera a Makalata kunyumba kwawo n'kutseka chitseko. Anayala pepalalo pa tebulo. Mizere yonse makumi anayi inali yodzaza. Anavala magalasi, anayang'anitsitsa chidindo cha chala chija, ndipo anakhala pansi mwadzidzidzi. Pakati pa chidindocho panadutsa kamzere koyera. Chinali chipsera cha sizasi, ndipo balalo analisoka okha a Nesi, kale akadali namwali pa ntchito.

Koma mayiwa sanali munthu wotaya mutu. Anawauza mosapita m'mbali kuti akukhonsolo akadzatulukira dzina la womwalira, pepala lonse lidzatayidwa, anthu makumi atatu ndi asanu ndi anayi adzakhala atasainira pachabe, ndipo iwo a Makalata adzakalamba m'ndende chifukwa cha chinyengo. Akalifufuta, chiwerengero sichikwana, ndipo magalimoto ogwetsa abwera mwezi usanathe. Anawapatsa cholembera kuti asankhe okha.

A Makalata anachigwira nthawi yaitali. Inki ya dzulo inali idakali pa zala zawo.

"Mayi, ine sindinawakakamize. Ndinawafotokozera, anamva, anadinda okha. Ndifufute bwanji mawu a munthu?"

Anapinda pepalalo patatu n'kuliika m'thumba la mkati. A Nesi anapukusa mutu, koma anatenga chikwama chawo n'kuwatsatira.

Ku ofesi, kalaliki anawerenga mizere ndi nsonga ya cholembera, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pa chalacho sanaime n'komwe. Anamenya chidindo cha ofesi, nanena kuti zogwetsa zayamba zaima. Kenako, akuika pepalalo mu fayilo, anawonjezera kuti sabata yamawa kubwera bwana wina kudzayenda khomo ndi khomo, kuti aonane maso ndi maso ndi aliyense amene wasaina.

A Nesi anagwira m'mphepete mwa tebulo. A Makalata anavala chipewa chawo mosafulumira.

"Palibe vuto, mwanawe. Ndidzawaperekeza ndine, njira ndikuidziwa. Kungoti uwauze adzabwere madzulo. A pa mzere womalizawo masana sapezeka."