Nkhwaira za Pakhonde la Woweruza

Mtembo anaupeza Lachitatu, belu la kulinga litangolira katatu masana. Unagona chafufumimba pafupi ndi mwala wa malire, pamene msewu wa owomba nsalu umakumana ndi kanjira ka osoka zikopa. Ntchentche zinali zitafika kale, poti izo sizidikira chilolezo cha Kampani ya Angelezi yolamulira tauniyo.

Kondappa Nayaki, mkulu wa alonda a m'tauni ya Nellipatnam, anafika akupukuta thukuta ndi nsonga ya nduwira yake. Ntchito ya ulonda anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo atate ake anaigwiranso Angelezi asanamange linga lawo pagombepo. Atatembenuza mtembowo, mtima unamuwawa. Anali Seshachalam, womasulira wa kubwalo la milandu, munthu wotsimphina uja amene ankapereka moni ngakhale kwa opemphapempha.

Kunkhongo kunali bala limodzi lozungulira ngati dzira la nkhuku. Pamchenga magazi anali ochepa. Zidendene zinali zokalikakalika, koma kuphazi kunali mbee, kopanda fumbi.

"Nkhwaira zake zili kuti?" anafunsa Kondappa.

"Tamupeza chomwechi, a Nayaki," anayankha mlonda wina. "Kapena aba."

Asanafunsenso, anthu anapatuka. Kunabwera Bwana Hallam, woweruza milandu ya anthu a m'tauni, wantchito akumugwirira ambulera. Nyumba yake ya kumunda inali pomwepo, kuseri kwa mpanda watsopano umene amisiri anali asanamalize kumanga. Anayang'ana mtembowo kamodzi, nkulankhula m'Chipwitikizi cha padoko, chimene onse ankamvana nacho.

"Dzulo wosoka nsapato wina anatukwana malemuyu pamsewu, anthu akumva. Mugwireni."

Zinali zoona. Chichokereni pamene bungwe la Bwanamkubwa linagawa misewu pakati pa magulu awiri a mitundu ya anthu, otchedwa a dzanja lamanja ndi a dzanja lamanzere, m'tauni munalibe mtendere. Mwala wa malire unali utasuntha mwezi wathawo, ndipo chitsime chokhacho chimene osoka zikopa ankaloledwa kutungapo chinapezeka kuti chili m'munda wa Hallam. Amene anawerenga chilengezocho pamsewu anali Seshachalam. Nchifukwa chake Polayya wosoka nsapato anamukalipira kuti, "Udzafa ndi ludzu ngati ana anga!"

Pofika belu lachisanu, Kondappa anali ataimirira pamaso pa Bwanamkubwa m'linga. Kunja kwa chipata owomba nsalu, abale a malemu, anali atamanga kale akatundu awo.

"Akuti ngati wakuphayo sanyongedwa, achoka onse m'tauni muno," anatero Bwanamkubwa. "Zombo zitatu zikudikira nsalu, ndipo mphepo ya mkuntho yatsala masabata awiri. Bwana Hallam aweruza kale. Mawa dzuwa lili paliwombo, mzinga wa masana ukalira kulinga kuno, wosoka nsapatoyo akhale ali pachingwe."

"Nanga ngati amene anapha si iye, bwana?"

"Undibweretsere amene anapha, mzinga usanalire."

Umo ndi momwe ankalamulira anthu amenewa. Chilungamo ankachikonda ndithu, bola chisachedwetse chombo.

Kondappa anatuma alonda kukasecha nyumba zonse za osoka zikopa. Anagwedeza mphasa, anavundukula miphika, akazi akulira. Anapeza nkhwaira makumi anayi, koma zonse zatsopano, zosapondedwa. Kenako analunjika kuchitokosi. Anaima patali ndi chitseko monga mwa mwambo, poti mthunzi wa wosoka zikopa suyenera kukhudza munthu wa mtundu wake.

Polayya anali atakhala pansi, msana uli mikwingwirima yokhayokha. Milomo inali itang'ambika.

"Iwe, unali kuti dzuwa lili paliwombo?"

"Kumtsinje, bwana wanga, kukatunga madzi. Masiku ano ndi ulendo wa theka la tsiku. Funsani aliyense wa kwathu."

"A kwanu ndani angawamvere? Nkhwaira za malemu waziika kuti?"

Polayya anaseka, kuseka kwa munthu amene watha mantha. "Nkhwaira zimenezo ndinasoka ndine. Yakumanzere ili ndi zikopa zitatu pansi, chifukwa mwendo wawo unali waufupi. Wakuba angazivale bwanji? Angayende ngati bakha. Kutukwana ndinatukwanadi, koma munthu amene ndamuyeza phazi zaka khumi sindingamuphe." Anameza malovu movutika. "Bwana wanga, auzeni andipatseko madzi. Kunyonga anyonge mawa, koma lero ndimwe."

Kondappa anafunsa msilikali wa pachitseko. Msilikaliyo anati chikho chilipo chimodzi, ndipo palibe amene angamwerenso ngati chikhudza milomo imeneyo. Kondappa anachoka ali ndi manyazi.

Dzuwa litalowa anafika kwa Kanakamma, mkazi wa malemu. Anamupeza pakhomo, zibangili zake zitaphwanyidwa kale monga mwa mwambo wa akazi amasiye.

"Pepani, mlongo wanga. Anachoka nthawi yanji?"

"Mzinga wa masana usanalire, achimwene. Anatenga masamba a mgwalangwa aja olembedwa za malire akale, nkuwakulunga m'nsalu. Masiku atatu osadya bwino. Ankangoti, 'Ndinawerenga bodza pamsewu, sindikaliwerenganso pamaso pa bungwe.'"

"Anati akupita kuti?"

"Anangoti aitanidwa."

"Nkhwaira anavala?"

Mayiyo anamuyang'ana ngati wafunsa zamisala. "Mchenga wa masana uno? Ndi mwendo umene uja? Popanda nkhwaira zija sakanafika ngakhale pachipata."

M'mawa wa Lachinayi Kondappa anayamba ndi kukachisi, poti kumeneko aliyense amavula nkhwaira. Wansembe anati malemuyo sanamuone. Anapita kwa amalonda atatu amene ankadana ndi malemu. Onse anali ndi mboni, ndipo pamakomo pawo panali nkhwaira za eni nyumba zokha. Akutuluka kwa wachitatu anadzitukwana yekha. Akanakhala kuti wapha ndi munthu wa kuno, chinthu choyamba kukumbukira chikanakhala nkhwaira za mlendo pakhomo. Ngakhale mwana amadziwa kuti nkhwaira zimaulula amene ali m'nyumba.

Belu linalira kakhumi. Pabwalo la msika akalipentala anali akukhoma mtengo wopachikirapo. Kondappa anayenera kukatenga chikalata cha chiweruzo, choncho analowa pachipata cha munda wa Hallam. Pansi pa masitepe a khonde anawerama kuti avule nkhwaira zake, monga ankachitira aliyense wolowa kwa bwana.

Pamzere wa nkhwaira za antchito, kumapeto kwenikweni, panali ziwiri zoikidwa bwinobwino, zoyang'ana kukhomo. Yakumanzere inali ndi zikopa zitatu. Pamwamba pake panali patagwera fumbi ndi maluwa ouma.

Mayi wina wokalamba ankasesa chapafupi.

"Amayi, nkhwairazi nzandani?"

"Za a womasulira, bambo. Anafika dzulo, bwana atatiuza tonse kuti tikapume kuseri."

"Simunamve kuti anamwalira?"

Mayiyo anapitiriza kusesa, maso ali pansi. "Ine ndimasesa mozilambalala. Mwini wake sindinamuone akutuluka."

Kondappa sanazikhudze. Anaika mlonda pachipata, nkuthamangira kulinga ndi ukalamba wake womwewo. Bwanamkubwa anali akuvala chikhoti chofiira cha pamwambo.

"Wakuphayo ndamupeza, bwana, koma muyenera kubwera nokha."

"Ine ndiyende chifukwa cha iwe?"

"Mukakana, ndikanena pamsika. Owomba nsalu akamva kumeneko, zombo zanu zibwerera ndi mchenga."

Bwanamkubwa anaitanitsa machila.

Belu la khumi ndi limodzi linawapeza pakhonde. Hallam anatuluka atanyamula chikalata, kudzanja lina ndodo yake ya mutu wa mkuwa. Kondappa anayang'ana mutu wa ndodoyo. Unali wozungulira ngati dzira, wopukutidwa mpaka kunyezimira.

"Bwana Hallam, womasulira munamuona liti komaliza?"

"Lachiwiri, kubwalo la milandu. Kuno sanafikeko mwezi wathunthu."

"Ndiye nkhwaira zake zinabwera zokha?"

Hallam anayang'ana pamene chala cha Kondappa chinaloza. Anali atadutsa pomwepo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi chichokereni dzulo, mabuti ake akugogoda pamasitepe. Munthu amene amalowa ndi nsapato ngakhale kuchipinda chogona sangaganize kuti mlendo anasiya kanthu pakhomo. Kwa iye mzere umenewo unali zinyalala za antchito.

"Zikhoza kukhala za aliyense," anatero Hallam.

"Wozisoka ali m'chitokosi chanu, mkazi wa malemu ali pakhomo pake. Tiwaitane onse. Tiyitanenso amisiri, atiuze chifukwa chake mchenga wa pampata wa mpanda wanu uli ndi mizere iwiri ya zidendene yopita kumwala wa malire."

Bwanamkubwa anafunsa kanthu m'Chingelezi, mwachidule. Hallam anakhala pampando ngati thumba la mpunga. Poyankha anabwerera ku Chipwitikizi, ndipo anayang'ana Kondappa.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala m'ng'anjo muno. Mkazi wanga ndinamuika kuno, ana awiri kuno, onse chifukwa cha madzi oipa a m'linga. Chitsime chimenechi ndi chokhacho cha madzi abwino. Mwala ndinausuntha ine, inde. Seshachalam anangoyenera kuwerenga masamba aja Lachisanu pamaso pa bungwe monga ndinamuuzira. Palibe Mngelezi amene amatha kuwawerenga. Anaima apa, wopanda nsapato, nkundiuza m'nyumba mwanga kuti akawerenga zimene zalembedwa. Atatembenuka kuti azipita, ndinamumenya kamodzi. Masambawo ndinawotcha. Ndinamukoka mzinga utalira, tauni yonse ikugona tulo ta masana."

"Nanga Polayya?"

Hallam anadabwa ndi funsolo. "Wosoka nsapato? Anatukwana pamsewu."

Bwanamkubwa anang'amba chikalata cha chiweruzo. Kenako ananena mofatsa zimene zidzalembedwe m'buku la bungwe: Bwana Hallam adwala mutu chifukwa cha dzuwa, ndipo akwera chombo choyamba. Owomba nsalu auzidwe kuti wakupha watumizidwa kwawo kukaweruzidwa. Kampani ipereka nkhuni zowotchera mtembo.

"Nanga mwala, bwana?" anafunsa Kondappa.

"Masamba apsa. Popanda umboni, mwala ukhale pamene uli. Mundawu tsopano ndi wa Kampani."

Akuluakulu anati khoswe wa pamkhate sapheka. Kondappa anavala nkhwaira zake, nkunyamula za malemu ndi manja ake, ngakhale zinali zikopa zovalidwa ndi wina.

Mzinga wa masana unalira iye akutsegula chitokosi. Polayya anagwa chagada, poganiza kuti nthawi yakwana.

"Dzuka, pita kwanu. Sunyongedwa."

Wosoka nsapatoyo sanathokoze, analibe malovu othokozera. Anatuluka akudzandira, Kondappa akumutsatira chapatali. Anadutsa pamtengo wopachikirapo, anadutsa pamwala wa malire, osakhotera kwawo. Miyendo inamutengera kuchitsime, kumene inazolowera kuyambira ali mwana. Atafika anaima. Amisiri anali atatseka mpata wotsiriza m'mawa womwewo, matope a pakati pa njerwa akadali aawisi. Kuseri kwa mpandawo kunkamveka chingwe chikulira, wantchito wina akutunga madzi othirira maluwa.

Polayya anatsamiritsa chipumi pa njerwazo.

Kondappa anapita kunyumba ya woomba nsalu wapafupi, nkupempha mtsuko wa madzi. Atabwerera anauza Polayya kuti atchere manja, ndipo anathira ali chapatali, mtsuko uli m'mwamba, monga mwa mwambo. Madzi ambiri anatayikira pamchenga. Polayya anamwa mpaka mtsuko unatha, nkupukuta pakamwa.

"Zikomo, bwana wanga," anatero. "Nanga ana anga mawa akamwa kuti?"

Kondappa anabweza mtsuko kwa mwini wake, nkulunjika kwa Kanakamma kukatula nkhwaira.